Mawere Opserera a M'munda wa 14

Paketi inasowa Lachitatu, koma ine ndinauzidwa Lachinayi m'mawa. Anthu ophunzira kwambiri ndi otero. Amayamba afufuza okha, zikawakanika m'pamene amakumbukira kuti kunja kuno kuli apolisi.

Ndinali nditangokoleka jekete mu ofesi yathu ya pa esiteti ya Mwalawazi pamene Hazel analowa osagogoda, nsapato zili matope okhaokha.

"A Sajenti Victoria, andibera mboni."

"Mboni imabedwa? Takhalani pansi kaye."

Sanakhale. Hazel ndi mwana wa pamalayini a antchito pompano, malemu mayi ake ankatchola tiyi. Sukulu inamunyamula mpaka kumpoto kwenikweni kwa Canada, kumene amati nthaka ndi youma gwa ndi chisanu chaka chonse, ndipo ntchito yake ndi yofukula malo amene anthu amakedzana ankakhala n'kupeza zaka za zimene anasiya. Kuno timamutcha Hazel wa mufiriji. Anabwera kudzachita chinkhoswe, n'kupeza tsoka litamudikirira pakhomo.

Tsokalo linali ili. Masabata awiri m'mbuyomo, anthu okumba ngalande m'mphepete mwa munda wa 14 anafukula mafupa a munthu. Tsono m'chaka cha 1992 bambo a Hazel, a Stewart, anasowa atakangana ndi alamu awo a Goodson, amene anali kapitawo wa munda womwewo. A Goodson ankanena kuti anawaperekeza kusiteshoni ya Luchenza n'kuwaona akukwera sitima, koma anthu ankangogwedeza mitu. Mafupa atatuluka, esiteti yonse inati, "Suja tinkanena!" A Goodson ndinawamanga ndine, ndi manja angawa, ndipo sindinadye bwino masiku awiri amene anagona m'chitolokosi. Anatuluka pa belo. Akuchimuna, a kwa Goliati, anatumiza mawu akuti sangalandire nkhuku ya chinkhoswe kuchokera m'manja a magazi. Ndipo Hazel malume wina analibe.

Hazel yemweyo ndi amene anatsikira m'dzenje lija n'kuona zimene ife apolisi tinkangopondaponda. Pamwamba pa mafupa panali mafuwa atatu, phulusa losasokonezedwa, ndi mawere opserera odzaza supuni ziwiri.

"Amene anasonkha moto uwu anausonkha mwini mafupayu ali kale pansi," anandiuza tsiku lija. "Tikadziwa zaka za mawerewa, tadziwa kuti malirowa ndi akale kuposa pamenepo."

"Mawere amanena zaka?"

"Chamoyo chilichonse chimameza kaboni wa mtundu wina wochokera mumpweya. Chikafa, kumezako kumatha, kaboni uja n'kuyamba kuchepa pang'onopang'ono ngati chimanga m'thumba lobooka. Theka limatha pa zaka 5,730. Makina amawerenga wotsalayo."

"Nanga bwanji osatenga makalawo? Ndi ambiri."

"Makala amanama. Kumpoto kuja kulibe mitengo, anthu ankasonkha zikuni zobwera ndi madzi zimene zinauma zaka mazana m'mbuyo. Ukayeza makala otero umapeza zaka za mtengo, osati za wophika. Mbewu imakhala dzinja limodzi lokha. Siinganame."

Mafupawo anatsekeredwa m'bokosi kudikira dokotala, ndipo kudikira kwa mtundu umenewo ine ndimakudziwa. Kenako kunagwa mvula yosakhala m'nyengo yake, dzenje lonse n'kusanduka phala. Mawere a m'paketi aja ndi okhawo amene anatsala padziko.

"Munawasunga kuti?" ndinafunsa, ndikuvalanso jekete.

"Kufakitale, m'chipinda cha masampulo a tiyi. Kunyumba kuli utsi. Amanejala ananditsekulira Loweruka, n'kundipatsa paketi yatsopano yasiliva. Ndinaika pa shelefu ya pamwamba. Dzulo chilolezo chotumizira kunja chatuluka, ndipite ndikatenge, palibe."

"Simunagawe pawiri?"

Anayang'ana pansi. "Kuntchito ndimagawa nthawi zonse."

"Koma kuno mutu uli kwa mkwati. Tiyeni."

* * *

Chipinda cha masampulo ndi ufumu wa a Tamanda, mayi wamfupi amene walongedza tiyi zaka makumi awiri ndipo amaopedwa ndi amanejala omwe. Tinawapeza atakulunga mpango m'khosi, mphuno ili psuu.

"Loko ndi uyu, a Sajenti, etsi! Pepani. Wathyoka? Sanathyoke. Windo ndi iyo, ili ndi mabaglabazi. Makiyi ndi awiri, anga ndi a bwana, ndipo bwana ali ku Lilongwe chichokereni Lamulungu."

"Paketi ya Hazel munaiona?"

"M'chipinda muno mulibe paketi ya munthu. Muli mapaketi a kampani. Ine dothi, makala, mafupa, sindisunga."

"Loweruka munali kuti?"

"Pa mphasa. Chiperoni chimenechi chinandigwetsa kuyambira Lachisanu, ndadzuka dzulo. Mpaka pano ngakhale mutandiika usipa pamphuno sindingamve kanthu. Koma ntchito ndagwira. Masampulo twente-fili ndalongedza ndekha, apita ku Limbe pa nthawi yake. Lachitatu shelefu yanga imagona yopanda kanthu, funsani aliyense."

"Analowa muno ndani dzulo?"

"Kulowa ayi." Anamina, n'kuyang'ana Hazel chamchibisira. "Koma pawindo panaima munthu. Nthawi yaitali ndithu, chipewa chili m'manja."

"Ndani?"

"Musati ndanena ndine. A Goodson."

Ndinamva Hazel akukoka mpweya kumbuyo kwanga. Nanenso ndinayamba kuwakayikira a Goodson, chifukwa munthu wosalakwa saba mboni yake yomwe.

* * *

A Goodson tinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akumwaza madeya. Pakati pa nkhuku zawo panali msoti woyera, wonenepa moti unkayenda ngati mkazi wa bwana. Umenewo ndi umene anakhala akuusungira chinkhoswe chichokereni Khirisimasi, ndipo sanaleke kuudyetsa ngakhale akuchimuna atawakana.

"Amalume," Hazel anayamba.

"Ndifunsa ndine," ndinatero. "A Goodson, dzulo munakatani kufakitale?"

"Ndinapita, eya." Amayankhula pang'onopang'ono, ngati liwu lililonse akuliyeza pasikelo. "Cha m'ma eyiti."

"Kukatani?"

"Kukaona."

"Kukaona chiyani?"

Anasasa madeya m'manja. "Zaka makumi atatu, mwana wanga Victoria, palibe munthu anaimirirapo n'kunena kuti Goodson sanachite. Kutchalitchi amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Lero ndikumva kuti kwapezeka mboni, ili m'kapepala, ikwera ndege kukandiyankhulira. Ndiye ndisakaione? Ndinaima pawindo. Ndinaipatsa moni m'Chilomwe, kaya inamva kaya."

"Inalipo?"

"Pa shelefu ya pamwamba, yokhayokha, ikunyezimira."

"Munachoka nthawi yanji?"

"Tamanda atandithamangitsa. Akuti ndikumutchingira kuwala. Anali atakwera pampando ndi kansalu, akupukuta mashelefu."

"Mashelefu onse?"

"Mayi uja fumbi ndi mdani wake."

Munthu amene wapukuta shelefu sangalephere kuona chinthu chonyezimira chili chokhachokha pamenepo. A Tamanda sananame, ndinawaona m'maso. Koma ine ndinawafunsa za paketi ya Hazel, iwo n'kuyankha za mapaketi a kampani.

"Hazel, munalembapo chiyani pa paketiyo?"

"Dzina la esiteti, munda wa 14, ndi deti."

"Dzina lanu?"

"Ayi."

"Nanga mawere opserera amaoneka bwanji?"

"Timibulu takuda, ting'onoting'ono, tozungulira..." Anasiyira pomwepo, pakamwa pali yasa.

"Amanyamula masampulo kupita ku Limbe ndani?"

* * *

Ramadhani tinamupeza pa sitolo ya achimwene ake a Bashir akutsuka pikapu. Iyeyu ukamufunsa nthawi amayamba kukuuza kumene anagula wotchi.

"Madamu Sajenti! Ine laisensi ndili nayo, matayala ndasintha mwezi watha, Walayi, funsani a Bashir."

"Sindinabwerere matayala. Dzulo unanyamula masampulo angati?"

"Thireyi yodzaza. Ine mpaka ndinaseka, ndinati a Tamanda, nyengo yozizira ino tiyi wachepa m'minda, inu mwadzaza bwanji thireyi? Iwo akuti etsi, nyamula uzipita. Ndiye ine ndi ndani kuti nditsutse? Pa Bvumbwe ndinaima pang'ono kugula kabichi wa mayi a Husna, koma thireyi sindinaisiye, inali pampando apa, ndinaimanga ndi lamba ngati munthu."

"Thireyiyo ili ndi mabowo angati?"

"Twente-folo. Sikisi, sikisi, sikisi, sikisi."

"Onse odzaza?"

"Ngati mano a mwana wasukulu."

A Tamanda analongedza twente-fili. Wa twente-folo anamupeza pa shelefu ya pamwamba, m'paketi ya kampani, atalembedwa dzina la munda. Anatsekula, anaona timibulu takuda, mphuno yosamva kanthu, n'kuganiza kuti ndi tiyi amene anzawo anaiwala iwo ali pa mphasa. Wakuba panalibe. Panali mayi wakhama pa ntchito yake basi.

Ndinaseka, koma Hazel sanaseke. "Ramadhani, ku Limbeko amatani nawo masampulo?"

"Amalawa, sisi. A Hopeson. Amathira madzi owira, amapsontha, amalavula, ndiye masamba onse amakhuthulira m'ndowa imodzi, a esiteti ino, a Mulanje, onse pamodzi."

"Akasakanikirana ndi masamba a chaka chino m'ndowamo, palibe khoti lingakhulupirire kuti ndi omwe aja," anatero Hazel. "Amalawa liti?"

"Lachinayi, leveni koloko. Samachedwa ngakhale ndi miniti."

Wotchi yanga inkati kota pasiti teni. Galimoto yathu inali itapita ku Khwethemule. Foni ya ku Limbe inangoitana, chifukwa a Hopeson akamalawa salola foni kulira m'nyumba yonse.

"Ramadhani," ndinatero, "lero lokha sindikuona sipidi."

Anataya chidebe uko. "Bisimila! Kwerani!"

* * *

Za ulendowo sindinena zambiri, poti ndine wapolisi. Ndingoti mizere ya tiyi inkadutsa ngati nsalu yobiriwira, a Goodson ali kumbuyo atagwira chipewa ndi manja awiri, akuimba nyimbo ya kwaya. Anakana kutsala. Anati mboni ndi yawo.

Tinalowa m'chipinda cholawira nthawi itapitirira leveni ndi maminiti khumi ndi awiri. Tebulo lalitali, makapu oyera ali ndondondo, kapu iliyonse ndi mbale yake, masamba ofululidwa ali pa chivundikiro. Kumapeto kwa mzerewo kunaima bambo wamtali wa epuloni yoyera ndi tayi, supuni ili m'manja. Anatiimitsa ndi chala chimodzi osatiyang'ana n'komwe.

Fyuuu! Anapsontha. Anazunguza m'kamwa, maso ali kudenga, n'kulavulira m'chitini.

"Ndani," anatero a Hopeson, "amene wapanga chipongwe ichi?"

M'mbale imene analozayo munali madzi otuwa ngati otsukira mpunga.

"Zaka twente-seveni ndili pa tebulo lino. Ndalawapo tiyi wonyowa, tiyi wa nkhungu, tiyi wonunkha dizilo. Koma uyu! No colour. No body. Wapsa mopitirira, ndipo si wa sizoni ino. Ndalemba kale: old stock. Esiteti ya Mwalawazi ichite manyazi."

Mayi wina wa yunifolomu yabuluu anali akuyenda ndi ndowa kuchokera kumayambiriro kwa mzere, akukhuthula zivundikiro chimodzichimodzi. Anali atatsala ndi zitatu.

"Mayi, imani pomwepo!" ndinakuwa. "Apolisi!"

Mayi uja anaponya ndowa pansi n'kukweza manja. A Hopeson anagwetsa supuni, mwina koyamba m'zaka twente-seveni.

Hazel anali atafika kale pa chivundikiro chomaliza. Anawerama, mphuno pafupi kukhudza. Timibulu takuda tinali pamenepo, tonyowa, tikutuluka nthunzi. Pambali pake panali paketi yasiliva, ndipo atasuzumiramo anapeza theka likadali louma.

"Mwathiramo mkaka?" anafunsa.

"Mkaka?" A Hopeson anagwira pamtima. "Pa tebulo langa?"

Apo m'pamene Hazel anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti, misozi ili mbwembwembwe. "Madzi owira okha alibe vuto. Kulabu timatsuka ndi asidi. Ndipo kambewu kamodzi kokha kakwanira. A Sajenti, bwerani musaine kuti mwaona."

Nthawi imeneyi anagawa patatu. Ndinasaina mapaketi onse, a Hopeson n'kusainanso ngati mboni atamva nkhani yonse, nkhope ikusinthasintha.

"Mukuti ndamwa chiyani?"

"Mawere a m'manda, bwana," anatero Ramadhani mokoma mtima. "Koma munalavula, ndinaona ndi maso angawa."

A Goodson anayandikira tebulo, chipewa chili m'manja. "Bambo, munati si wa sizoni ino?"

"Ndinatero."

"Zikomo. Ndinu munthu woyamba kundiikira kumbuyo."

* * *

Yankho linatenga masabata atatu ndi tsiku limodzi. Linafika pa foni ya Hazel Lachisanu masana, mawa lake kuli chinkhoswe chimene palibe ankadziwa ngati chichitike. Anabwera nalo ku ofesi akuthamanga, tsitsi lomangidwa mbali imodzi yokha. Ndinaliwerenga kawiri, ndinaimbira akuluakulu anga, ndipo dzuwa lisanapendeke fayilo ya a Goodson inali itatsekedwa. Kwa Goliati ndinapita ndekha, pa njinga yamoto, nditavala yunifolomu yonse.

Loweruka bwalo la mpira la pa esiteti linadzaza. Anabwera oitanidwa, anabweranso aja ankati "suja tinkanena." A Tamanda anali pa mzere wa kutsogolo, chimfine chitatha, akuuza aliyense kuti pakadapanda iwo mawere aja sakadaona Limbe. A Hopeson anatumiza tiyi wa makilo asanu ndi kalata yopepesa esiteti.

Isanafike nthawi ya nkhuku, woyendetsa mwambo anandipatsa maikolofoni. Mawu anga ndi a pa perete, safuna maikolofoni, koma ndinailandira.

"Anthu a Mwalawazi, pepala ili lachokera ku labu. Likuti mawere a m'munda wa 14 anapserera pakati pa chaka cha 890 ndi chaka cha 1020. Ndibwereze? Zaka zoposa chikwi chimodzi zapitazo. Mwini mafupa aja anaikidwa moto umenewo usanasonkhedwe. Kunalibe tiyi, kunalibe esiteti, makolo athu anali asanaoloke n'komwe kuchokera ku Mozambiki."

Kenako a Goodson anaimirira, atavala suti yabulawuni yowakulira m'mapewa.

"Ndine wamkulu, eya," anatero mwa kuyeza kwawo kuja. "Koma osati choncho."

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinamveka mpaka kufakitale. Ng'oma zinayamba zokha osadikira woyendetsa mwambo. Hazel anaiwala kuti mkwatibwi amayenera kukhala mofatsa, nkhope ili pansi. Anathamanga n'kukawakumbatira amalume ake, ndipo mkwati wake, mphunzitsi wamanyazi dzina lake Ben, anangoima akuomba m'manja ngati mwana. Ine ndinalira, ndikuvomera, nditavala yunifolomu.

A Goodson ananyamula msoti woyera uja n'kuyamba kuvina nawo, pang'onopang'ono, kulunjika kwa akuchimuna. Nkhoswe ya kwa Goliati, bambo amene anatumiza mawu a manja a magazi, inaimirira ndi tambala wake. Inafika pakati pa bwalo, inagwada pa fumbi anthu onse akuona, n'kulandira msotiwo ndi manja awiri. A Goodson anaidzutsa, n'kuisasa fumbi m'mawondo.

Madzulo, anthu akuvinabe, a Goodson anandipeza kuseri kwa tenti ndikumwa thobwa. Anali thukuta lokhalokha, tambala ali m'khwapa.

"Mwana wanga Victoria, mafupa aja ali kuti?"

"Akadali m'bokosi. A zofukula zakale abwera kudzawaona."

"Akathana nawo, kawapemphe undipatse. Bokosi la maliro ndikhoma ndekha, nsalu ndigula."

"Inu? Munthu amene anakugonetsani m'chitolokosi?"

"Sanandigoneke ndi iye. Iye anangogona pake, ife n'kumudzutsa." Anakonza tambala uja m'khwapa. "Stewart kaya ali kuti, ali ndi mwana woti adzamulire. Koma uja abale ake onse anatha kalekale. Maliro opanda mwini si abwino. Ukalembe m'buku lakolo kuti malume ake ndine."